Pulagi ya eriyo yakana kulowa pa wailesi yakale ya 504

Wa 504 ku Chitakale:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Galimoto ndi Peugeot 504, wailesi ndi yake yomwe ija ya Blaupunkt yokhala ndi mabatani olembedwa L, M, K ndi U (L ndi long wave, M ndi medium wave, K ndi short wave, U ndi FM). Eriyo yakale yathyokera patsinde. Yatsopano yogula ku Limbe ili ndi pulagi yaifupi, yonenepa, kamsomali kake ka pakati kakang'ono. Kumbuyo kwa wailesi kuli bowo lakuya ndipo pulagiyo ikungogunda pakamwa. Ena akuti ndidule, ndilumikize ndi kebulo ya TV, kenako ndingolowetsa waya m'bowomo. Nditero?

Wamawailesi wa pa Limbuli:
Mpeniwo muuike pansi kaye achimwene. Bowo lakuyalo ndi soketi ya DIN, yomwe ena amaitchula kuti Motorola potengera kampani ya ku America imene inayamba kugulitsa mawailesi a m'galimoto mu 1930. Pulagi yake ndi yaitali, kamsomali ka pakati n'konenepa pafupifupi 3.2 mm, ndipo chigoba chake chimalowa chonse m'kati mwa soketi n'kumagwira ndi timalilime tachitsulo ta m'mbali. Ndiyo imene ili pa mawailesi ambiri akale: a pa 404 ndi 504, Datsun 120Y, Toyota Stout, Cressida, Becker wa pa Benz W123, onsewo. Imene mwagulayo ndi ISO, ya magalimoto a ku Ulaya a m'ma 1990. Pali kaadaputala kochoka pa ISO kupita pa DIN, kotalika ngati chala chaching'ono, kalibe waya uliwonse. Mumangokankhira pulagi yanu kumbuyo kwake, kutsogolo n'kulowetsa m'wailesi. Pokagula mutenge eriyoyo, chifukwa kalinso kena kotembenuza, kochoka pa DIN kupita pa ISO, ndipo m'pepala timaoneka tofanana.

Mnyamata wa pa Nkando:
Nanga pulagi ya RCA ija ya pa ampu? Kamsomali kake kakuoneka ngati kofanana.

Wamawailesi wa pa Limbuli:
Kunenepa kwa kamsomali n'kofananadi, koma n'kakafupi, ndipo chigoba cha RCA chimavala soketi kunja pomwe cha DIN chimalowa m'kati. Ndiye earth, kulumikizana kwa chigoba ndi bodi ya galimoto, siigwira. Ya eriyo ya TV nayo ayi: chigoba chake ndi 9.5 mm, kamsomali kake n'kowonda, kamangogwedera.

Mayi wa zamagetsi, Thyolo Boma:
Pa adaputala pomwepo ndionjezepo chimodzi. Si onse amene ali ndi kamsomali kotalika mokwanira. Masoketi a Blaupunkt ndi Becker akale ndi akuya, ndipo pulagi ikhoza kuoneka kuti yakhala bwino chonsecho msomali sunafike pamene pali chogwirira. Chizindikiro chake: masiteshoni amphamvu a FM akumveka ndithu, chifukwa siginolo imalumpha kampata kakang'onoko, koma pa M pali zii. Tengani kamtengo ka machesi, wailesi ili chozimitsa, mulowetse pakati mpaka mumve pamene kayamba kugwidwa, muike chizindikiro ndi chikhadabo, muyerekeze ndi msomali wa adaputala musanalipire. Pulagi ikakhala yogwedera, tukulani timalilime ta m'mbali pang'ono ndi nsonga ya mpeni. Osakulunga tepi pachigoba kuti ithine, pamenepo mwatsekereza earth.

Mkulu wa mawaya, Luchenza:
Za pulagi zamveka. Ine nkhawa yanga ili pa kebulo ya TV imene yatchulidwayo, chifukwa ndi pamene mawailesi akale ambiri amanamiziridwa kuti afa.

Dulani kebulo yoyambirira ya eriyo ya galimoto yakale muone m'kati. Mupeza kachubu kapulasitiki kamphako, m'kati mwake kawaya kowonda ngati tsitsi kakungoyendayenda, kunja ukonde wa kopa. Sanapange choncho posunga ndalama. Pa M ndi L, ndodo ya eriyo ya mita imodzi ndi yaifupi kwambiri poyerekeza ndi mafunde ake, omwe amatalika mamita mazanamazana. Ndodoyo imakhala ngati kapasita (kachipangizo kosunga magetsi pang'ono) kakang'ono ka 10 pF kapena kuposerapo pang'ono; pF ndi muyeso wa kukula kwa kapasita. Kebulo nayo ndi kapasita pakati pa waya wa m'kati ndi ukonde, ndipo ikakhala yaikulu imameza siginolo yambiri n'kuitayira ku bodi isanafike m'wailesi. N'chifukwa chake anasiya mpweya m'kati ndi kuchepetsa waya, kuti ma pF achepe.

Manambala ake ndi awa. Kebulo ya mtundu wa RG-62, yomwe ndi yoyandikira kwambiri kebulo ya m'galimoto, ili ndi 93 ohms ndi 44 pF pa mita. RG-59 ya TV ndi 75 ohms, pafupifupi 67 pF pa mita. RG-58 ya mawailesi olankhulirana ndi 50 ohms, pafupifupi 100 pF pa mita. Eriyo ikakhala pa madigadi a kutsogolo, kebulo ya mita ndi theka ya RG-62 ikupatsani 66 pF, ya RG-58 ikupatsani 150. Mukaipititsa kumbuyo kwa galimoto, mamita 4 ndi theka a RG-58 ndi 450 pF. Pamenepo M mwaiika m'manda. FM siidandaula kwambiri, n'chifukwa chake munthu amati "koma ikulira" osadziwa kuti theka la wailesi lagona.

Vuto lina la kebulo ya TV ya masiku ano: ukonde wake nthawi zambiri ndi wa aluminiyamu, solder sagwira, ndipo waya wa pakati ndi wouma. Pa msewu wa fumbi, kugwedezeka kokhako kumakankha waya woumawo mpaka kumasula soketi ya wailesi.

Wa 504 ku Chitakale:
Bambo, ndiye ngati kebulo yakale ikadali m'galimoto ndi pulagi yake ya DIN, sindingailumikize ku tsinde la eriyo yatsopano?

Mkulu wa mawaya, Luchenza:
Ngati tsinde latsopano lili ndi polumikizira pomasula, mukhoza, ndipo ndiye njira yabwino kuposa adaputala. Koma iyeseni kaye ndi mita yoyezera magetsi, kebulo itazulidwa ku wailesi. Kuchoka pa msomali wa pulagi kukafika kumapeto ena a waya wa pakati, mita ionetse ma ohms ochepa kwambiri, osapitirira 5. Kuchoka pachigoba cha pulagi kukafika pa chitsulo choyera cha bodi, eriyo itamangidwa, pasafike 1 ohm. Pakati pa msomali ndi chigoba pasaoneke kanthu ngakhale mita muiike pa 20 megohms. Poyesa, muzipinda kebuloyo pang'onopang'ono pafupi ndi pulagi ndi pamene imadutsa pabowo la bodi, chifukwa kawaya kowonda kaja kamaduka m'kati n'kumagundana nthawi zina. Ndiye wailesi ija imene imalira galimoto ikaima, n'kumadukiza ikalowa m'maenje.

Ngati tsinde ndi lomatiratu ndi kebulo yake, musalumikize makebulo awiri pakati popotokola mawaya. Pamalo pamene ukonde watseguka, phokoso la injini limalowera pomwepo. Dulani pulagi ya ISO yokhayo, muike ya DIN.

Mayi wa zamagetsi, Thyolo Boma:
Chenjezo pa muyeso woyambawo, akulu. Makebulo ena otalikitsira ali ndi kapasita kakang'ono kobisika m'pulagi, kolumikizidwa motsatana ndi waya wa pakati, kuti wailesi isaone ma pF onse a kebulo yaitaliyo. Mita pa ohms imaonetsa ngati waya ndi woduka chonsecho ndi wabwinobwino. Ambiri amataya kebulo yamoyo chifukwa cha zimenezi. Ngati ndi yotalikitsira, yokhala ndi pulagi mbali ina ndi soketi mbali ina, iyeseni pa wailesi yolira musanaiweruze.

Mkulu wa mawaya, Luchenza:
Zoona mayi, ndinadumpha pamenepo.

Wamawailesi wa pa Limbuli:
Kaikidwe ka pulagi ya DIN yowotcherera. Yambani mwalowetsa chigoba ndi chipewa chake pa kebulo, chifukwa woiwala amawotcherera kawiri. Sendani khungu lakunja pafupifupi 3 cm, mpeni usakhudze ukonde. Pesani ukondewo muupindire kumbuyo. Kachubu ka m'kati mukadule mosiya 5 mm kapena kuposerapo pang'ono kutsogolo kwa ukonde, kuti katchinge waya asagundane ndi earth. Podula kachubu muzungulize mpeni mopepuka n'kukathyola ndi zala, apo ayi mudula ndi kawaya komwe. Msomali wa pulagi ndi wamphako: lowetsani kawayako mpaka katulukire kunsonga, kenako mukabwezere m'mbuyo pang'ono kuti m'kati mukhale kofewa, kasakokeke. Wotchererani kunsonga kokha, ayironi ya 30 kapena 40 W, masekondi awiri kapena atatu. Mukachedwa, pulasitiki yogwira msomali imasungunuka ndipo msomali umapendekera. Dulani chotsala, mupale ndi fayilo kuti nsonga ikhale yobulungira, isanenepe kuposa msomali, chifukwa chibulu cha solder chimakanula soketi ya wailesi ndipo pulagi ina iliyonse siidzagwiranso. Ukonde muupanikize pansi pa chigoba, ndipo muonetsetse kuti palibe ngakhale kaulusi kamodzi kolowera kutsogolo. Solder akhale wa mawailesi wokhala ndi utomoni m'kati. Asidi wa owotcherera maradiyeta asayandikire, amadya kawayako m'miyezi yochepa.

Mukatha, bwerezani miyeso itatu ija.

Makanika wa ku Bvumbwe:
Inu mukukamba za kumbuyo kwa dashibodi, koma kuno kwathu eriyo imafera panja. Chiperoni chikagwa masiku atatu osakata, madzi amatsetsereka ndi ndodo n'kukakhala m'tsinde. Mita imayamba kuonetsa ma kilohms pakati pa msomali ndi chigoba, M imafooka, dzuwa likawala imabwerera. Madzi ena amalowa m'kachubu kamphako kaja n'kuyenda mpaka ku pulagi, mupeza msomali wachita ndere yobiriwira. Kebulo yotero ndi yosintha basi, kuiyanika sikuthandiza nthawi yaitali.

Pomanga yatsopano, pansi pa madigadi pamene mano a tsinde amaluma, palani penti ndi dzimbiri ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, malo okula ngati ndalama yachitsulo. Mangani nati, kenako pakani girizi pamwamba pa zonsezo kuti madzi asafikepo. Labala wa pamwamba akhale wosang'ambika. Kebulo pochoka m'tsinde iyambe yatsika pang'ono isanakwere kulowa m'galimoto, kuti madzi adonthere pansi pa khotolo. Pabowo lolowera pakhale labala, chitsulo chisadye khungu.

Ma Land Rover akale a m'minda ya tiyi ali ndi lawo. Madigadi ake ndi aluminiyamu, tsinde la eriyo ndi chitsulo, ndipo ziwirizi zikanyowa pamatuluka ufa woyera umene sudutsa magetsi. Pamenepo kokerani waya wamfupi wonenepa kuchoka patsinde kukamanga pa bulkhead, khoma la pakati pa injini ndi okwera, yomwe ndi yachitsulo.

Mayi wa zamagetsi, Thyolo Boma:
Poti mwatchula Land Rover, pali ngozi ina imene imadzera pa pulagi ya eriyo yomweyi. Magalimoto ambiri a ku Britain mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, monga Morris Minor ndi Land Rover Series II, anali a positive earth: mbali ya + ya batire ndiyo imapita ku bodi. Munthu amatenga wailesi ya negative earth, n'kuikhazika pa thabwa kuti isakhudze chitsulo, n'kulumikiza mawaya awiri molondola. Ikulira. Akangolowetsa pulagi ya eriyo, chigoba cha pulagi chimalumikiza bokosi la wailesi ku bodi kudzera mu ukonde, ndiye + ndi - zakumana. Fyuzi ikakhala pa waya wolakwika, ukonde wa kebulo ndi umene umayaka. Ena amadula ukondewo n'kuikapo kapasita ya 0.01 µF kuti siginolo idutse koma magetsi a batire asadutse. Zimatheka, koma bokosi la wailesi limakhalabe ndi moto poyerekeza ndi bodi, kiyi akangogundapo ndi zothetheka. Mawailesi ambiri a nthawi imeneyo, Radiomobile ndi Blaupunkt omwe, ali ndi kapulagi kapena kaswichi kosankhira + kapena -, ena ndi 6 V kapena 12 V. Muone pamenepo musanalumikize chilichonse, chifukwa matransista ake a germanium amapsa nthawi yomweyo magetsi akatembenuka. VW Beetle zakale za 1966 kubwerera m'mbuyo ndi za 6 V, nazonso muzisamala.

504 yanu achimwene ndi 12 V negative earth, izi sizikukukhudzani, bola kaswichi ka pa wailesi kasakhale kuti wina anakatembenuza.

Wa 504 ku Chitakale:
Adaputala yapezeka, msomali ukufika, miyeso itatu ili bwino. U ikumveka bwino. M ikumveka koma mwakutali kwambiri. Chatsala n'chiyani?

Mkulu wa mawaya, Luchenza:
Chatsala ndi trimmer. Wailesi yakale yochuna ndi chala ili ndi kasikulu kakang'ono kofananitsira wailesi ndi ma pF a eriyo ndi kebulo yake. Kanachunidwa pa eriyo yakale ija. Mwasintha ndodo, kebulo ndi pulagi, ndiye kayenera kuchunidwanso. Kamapezeka pakabowo pafupi ndi soketi ya eriyo, pa ena kutsogolo mukachotsa chochunira, pa ena a kaseti m'kati mwa khomo la kaseti.

Imikani galimoto panja, kutali ndi malata ndi mawaya a magetsi, injini yozimitsa. Kokani eriyo yonse. Dinani M, pitani chakumtunda kwa nambala, pakati pa 1400 ndi 1500 kHz, pamene pagalasi palembedwa 14 kapena 15. Pezani siteshoni yofooka, osati yamphamvu, chifukwa pa yamphamvu wailesi imadzichepetsera yokha ndipo khutu silimva kusintha. Madzulo dzuwa litalowa ndi pamene masiteshoni akutali amatuluka. Mukasowa siteshoni, phokoso la shiii lomwelo likwanira. Tembenuzani kasikuluko pang'onopang'ono uku ndi uku ndi sikuludiraiva yaing'ono, makamaka yapulasitiki, mpaka pamene mawu akwera kwambiri, musiye pomwepo. Pamafunika pakhale nsonga yoonekeratu, mbali zonse ziwiri mawu akutsika. Mukafika kumapeto mawu akungokwerabe, ndiye kuti ma pF a kebulo apitirira pamene trimmer imafika: fupikitsani kebulo kapena pezani yamphako. Osakakamiza kasikuluko kakafika pothina, m'kati muli timapepala ta mica tosachedwa kusweka, ndipo osakhudza tina ta m'kati mwa bokosi.

Mnyamata wa pa Nkando:
Ndiye trimmer ikhoza kukonzanso vuto la magalimoto ochokera ku Japan amene amangogwira masiteshoni awiri?

Wamawailesi wa pa Limbuli:
Ayi mphwanga, trimmer ndi ya M ndi L basi. Vuto la a ku Japan ndi lina: FM yawo yakale imayambira 76 kulekeza 90 MHz, pomwe kuno timaulutsa kuyambira 87.5 mpaka 108. Ndiye wailesi imangoona kachigawo ka 87.5 mpaka 90. Mankhwala ake ndi band expander, kabokosi kokhala pakati pa eriyo ndi wailesi, soketi ya DIN mbali ina, pulagi ya DIN mbali ina, ndi waya wa 12 V wopita pa ACC, waya woyaka ndi kiyi, kuti kazizima ndi kiyiyo. Kamatsitsa nambala ndi mlingo wolembedwa pamwamba pake. Ka 14 MHz kamatenga 90 mpaka 104 n'kuika pa 76 mpaka 90, kotero siteshoni ya pa 100.0 muipeza pa 86.0. Ka 18 MHz kamatenga 94 mpaka 108. Lembani kaye manambala a masiteshoni amene mumamvera, muchotsere, muone kamene kakuwakwanitsa. Tambiri timadutsitsanso siginolo yosatsitsidwa, ndiye masiteshoni awiri akhoza kugwera pamalo amodzi.

Polumikiza muyang'ane mapulagi. Ma Toyota ena a m'ma 1990 ali ndi awiri, wamkulu wa DIN ndi wina wochepa wa eriyo ya pagalasi la kumbuyo. Expander ipite pa wamkuluyo. Ma Nissan ena ali ndi pulagi imodzi ya misomali iwiri, imafuna adaputala yakeyake.

Ndipo a ku Chitakale, muonenso galasi la Blaupunkt yanu pa mzere wa U. Ambiri a ku Germany a zaka zimenezo amalekeza pa 104, ena akale kwambiri pa 100. Siteshoni ya pamwamba pa apo siituluka ngakhale eriyo ikhale ya golide.

Makanika wa ku Bvumbwe:
Ndipo kwa amene ali m'tsinde mwa phiri la Mulanje, cha ku Likhubula kapena pokhotera ku Muloza, FM ikamazimirira pamakona ena musathamangire kumasula dashibodi. Mwala wa mamita 3,000 palibe pulagi imene ingauboole. Chimene mungachite ndi kutalika kwa ndodo: pa FM ikhale 75 mpaka 80 cm, ndiye gawo limodzi mwa magawo anayi a funde la 100 MHz. Tindodo tatifupi talabala n'tokongola chabe.

Mayi wa zamagetsi, Thyolo Boma:
Tindodo tatifupito tambiri tili ndi ampulifaya m'tsinde. Tina tili ndi waya wapadera wa 12 V, koma ta pa VW, Audi ndi Opel za m'ma 1990 kupita m'tsogolo timalandira magetsi kudzera mu waya wa pakati wa kebulo yomweyo. Wailesi yakale siitumiza magetsi amenewo, ndiye eriyo yotero yochotsa pa galimoto yophwasula imakhala ngati yakufa ngakhale adaputala ikwane. Pamafunika adaputala yokhala ndi waya wabuluu wolowetsera 12 V. Mukaona pulagi yokhala m'kabokosi kapulasitiki ka mtundu, ndi FAKRA ya magalimoto a ku Germany a m'ma 2000: yoyera ndi ya wailesi yofuna magetsi amenewa, yakuda ndi ya wailesi yosafuna, yabuluu ndi ya GPS. Pa wailesi yokhala ndi trimmer ine sindingalangize eriyo ya ampulifaya, chifukwa trimmer inapangidwira ndodo wamba. Ndodo yachitsulo yokoka ndi dzanja ndiyo mnzake.

Wa 504 ku Chitakale:
Trimmer inali kumbuyo pafupi ndi soketi. Nditatembenuza osafika kamodzi M yadzuka, usiku masiteshoni a Chipwitikizi akumveka. Koma injini ikalira pakubwera tcha-tcha-tcha wothamanga ndi mafuta.

Makanika wa ku Bvumbwe:
Zulani pulagi ya eriyo injini ikulira. Phokoso likatha, likulowera ku eriyo. Likatsala, likudzera pa waya wa magetsi. Tcha-tcha wotsatira mafuta ndi moto wa mapulagi a injini. Onani ngati mawaya ake ndi a waya weniweni m'kati opanda resistor; ngati ndi choncho ikani zipewa za 5 kilohms kapena mapulagi okhala ndi R pa nambala yake. Pa koyilo ikani kondensa ya 1 µF kumbali yochokera ku kiyi, yolembedwa + kapena 15, thupi lake limangidwe pa bodi. Osaiika kumbali yopita ku mapointi, injini iyamba kudukiza. Boneti muilumikize ku bodi ndi lamba wa kopa wolukidwa pafupi ndi hinjesi ya mbali ya eriyo, chifukwa hinjesi yadzimbiri siipereka earth ndipo boneti yonse imasanduka youlutsira phokosolo. Kebulo ya eriyo isayende limodzi ndi mawaya a koyilo.

Kukakhala kulira kosalekeza kokwera ngati mluzu, ameneyo ndi alternator, kondensa ya 2.2 µF pa polumikizira pake polembedwa B+. Pa magalimoto a dynamo ipite pa D, osati pa F.

Mkulu wa mawaya, Luchenza:
Musanagule kondensa iliyonse, zulani chaja ya foni pa soketi ya ndudu, ndipo ngati munaika mababu a LED muzimitse. Muyesenso M mutiuze ngati tcha-tchayo wasintha.